Mtsuko Pamwamba, Batani Pansi

Kuseri kwa mapiri a Sindinamve, komwe msewu wa phula umatha mwadzidzidzi ngati munthu amene waiwala chomwe amanena, kuli ufumu wa Tikambebe. Ndinalowamo nthawi yokolola, thumba paphewa, ndodo yanga ya mlombwa m'dzanja, nditadziuza kuti ndigonamo masiku atatu basi. Ndinatulukamo chimanga china chitayamba kumasula. Thumba ndinatuluka nalo. Za ndodo mumva.

Lamulo la kumeneko ndi lakuti mlendo amalowa popanda womufunsa, koma potuluka ayenera kuonetsa kalata yolembedwa pa kompyuta, ya chidindo. Kalatayo imalembedwa pa chipata cha Bweranimawa, mu ofesi ya mayi Nangondo, mlembi wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Tsiku lachitatu ndinakaima pamzere. Patebulo pawo panali galasi loonerapo zolemba, makina osindikizira, ndi kabokosi kakuda kofanana ndi theka la buledi. Kameneko ndiko kanali kompyuta. Sikankalira, sikankatentha, ndipo munthu usanamalize kupereka moni, kalata yako inali itatuluka kale.

Patsogolo panga panali mkulu wina wopita kukaona mwana wake kutsidya. Anatembenuka nandiuza ndi chisoni: "Achimwene, kale tinali ndi makompyuta enieni. Chibokosi chofika m'chiuno, chobangula ngati chigayo. Munthu unkabwera ndi mphasa ndi kamba wa masiku awiri. Ine mkazi wanga ndinampeza pamzere uno. Nanga ndi kanthu aka, ana athu adzakwatira bwanji?"

Itakwana nthawi yanga, mayi Nangondo anafunsa dzina. Ndinati, "Kamwendo." Anali atalemba zilembo zinayi, Kamw, pamene belu la njinga linalira pakhomo. Analowa mthenga wa mfumu, mwamuna wa ndevu zapamlomo, nasolola nthambo kukhoma osapereka ndi moni yemwe.

Chinachitika ndi ichi. Mfumu Chamtunda Wachinayi inalandira mlendo, mfumu inzake ya ku Onaniine. Mlendoyo atapatsidwa tiyi mu ofesi yachifumu, anayang'ana poika kapu, naiika pa kabokosi kakuda kamene kanali patebulo. Kenaka anamwazamwaza maso nati, "Achimwene, kompyuta yanu ili kuti? Kapena kuno sizinafike?" Mfumu Chamtunda inachita kuloza pansi pa kapu. Akuti mlendo uja anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno.

Mthenga anawerenga chilengezo ataima pa mpando wa mayi Nangondo: "Popeza ulemu wa dziko wakhalidwa ndi kapu ya tiyi, popeza boma losaoneka ndi maso silingaopedwe ndi mtima, timakompyuta tonse ta m'maofesi tibwerere kunyumba yachifumu lero, kuti tikapangidwe mwatsopano molingana ndi msinkhu wa ufumu uno. Kufikira tsiku limenelo kalata isalembedwe, mlendo asatuluke, ndipo tiyi azimwedwa kapu ili m'manja."

"Bwana," ndinadandaula, "patsala zilembo zinayi zokha."

"Zisungeni bwino, madala," anatero, akuika kakompyuta m'thumba la jekete. "Mudzazifuna."

Tsono ku Tikambebe ali ndi mwambo umene amanyadira kuposa mvula. Amati maganizo satayidwa. Kukana maganizo a munthu n'kutukwana amalume ake. Choncho chinthu chikamapangidwa, aliyense amanenapo, ndipo chilichonse chanenedwa chiyenera kuonekera pa chinthucho. N'chifukwa chake mlatho wa pa mtsinje wawo uli ndi khomo, mazenera awiri ndi khola la nkhunda, koma sufika tsidya. Wotsiriza kulankhula amakhala mlendo, poti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo mlendo amene anatsekeredwa mu ufumu wonsewo ndinali ine.

Masabata oyamba ndinkawathera pa msika wa Gulautaye, miyendo ikundiyabwa. Alembi a mfumu ankayenda benchi ndi benchi ndi makope, kutolera maganizo.

"Ikhale yotentha pamwamba," anatero wogulitsa mtedza, "tizikazingirapo. Chinthu cha boma chizithandizako anthu."

"Muiikire zogwirira ngati bokosi la maliro," anatero mayi wa tomato, "kuti akamaiba asamaigwetse. Ndi katundu wa tonse ameneyo."

"Ikhale ndi miyendo, chiswe chisadye," anatero wa makala.

Telala wina, amene makina ake a magetsi anali atasanduka poikira maudzu a kalulu wa mkazi wake, sanadzutse ndi mutu womwe. "Lembani kuti ine ndilibe mawu. Magetsi kuno amabwera Lachiwiri m'mawa kudzatipatsa moni, masana abwerera kwawo. Kaya ikule ngati njovu, kaya ichepe ngati nsabwe, yozima ndi yozima."

Kumapeto kwa mzere wa mabenchi ndinapeza mayi Nangondo akugulitsa zigumu, poti ofesi inali yotseka. Anandizindikira.

"A Kamw," anatero. "Khalani apa."

"Mayi, inu amene munkaigwiritsa ntchito sabata ndi sabata, mwawauza chiyani alembiwo?"

"Ife oigwiritsa ntchito tinaletsedwa kulankhula. Akuti tingakondere." Ananyema chigumu nandipatsa. "Mvetserani, madala. Kanthu kaja kalibe mlandu. Vuto lake ndi limodzi: batani loyatsira anaika kunsi. Lachiwiri lililonse m'mawa ndimachita kukanyamula ngati ndikuona ngati nkhuku yaikira, nthambo n'kumasololoka. Mabowo olowetsera fulashi ali kumbuyo, koma zimenezo dzanja linazolowera. Inu mudzalankhula pomaliza. Mudzangoti batani loyatsira libwere kutsogolo. Mukatero mudzatseke pakamwa, mudzakhale pansi. Mwamva?"

"Mayi, mawu anayi okhawo angandivute?"

"Zilembo zinayi zinakuvutani," anatero.

Bwalo la kunyumba yachifumu linakhala miyezi itatu. Ine ndinkakhala pansi pa mtengo ndi anthu wamba, kuwerenga masiku. Wotsogolera zokambirana anali a Gwedeza, Nduna ya Zoyaka ndi Zozima, munthu amene akayamba kulankhula mbalame zimamanga zisa n'kuswa asanafike pa mfundo yoyamba. Iwo anati kompyuta yatsopano italike kuposa mlendo aliyense wonyamula kapu. Nduna ya Ulemu ndi Kugwada inati izibangula, kuti wolowa mu ofesi azivula chipewa asanauzidwe. Nduna ya Maloko inati itsekedwe mbali zonse, mphepo ingatulutse zinsinsi za boma. Mayi wa kunyumba yachifumu anati iphimbidwe ndi nsalu yoluka ya maluwa, fumbi lingalowe. Mkulu wa asilikali anati ikhale yolemera kuti mdani akabwera ayambe wathyoka msana. Mfumu inkangogwedeza mutu, ndipo alembi ankalemba kugwedezako ngati maganizo apadera.

Tsiku langa linafika. Ndinadzuka ndikubwereza mumtima: batani loyatsira libwere kutsogolo, batani loyatsira libwere kutsogolo. Koma sindinadziwe kuti andichotsa pansi pa mtengo. Anandigwira mkono, nandikhazika pa mpando wa khushoni pafupi ndi mfumu. Anandipatsa chakumwa chozizira cha m'botolo, chotsekulidwa kale, ndi kamphasa koikirapo. Kenaka a Gwedeza anaimirira.

"Mfumu, ndi inu nonse, pakati pathu pali katswiri amene wayenda maiko khumi ndi awiri, amene makompyuta a mitundu yonse amamudziwa ndi dzina."

Zoona zake n'zakuti malire ndinaoloka awiri, ena ndili m'tulo pamwamba pa lole ya feteleza. Kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo, kupatula tsiku lina pamene ndinatsamira ya ku positi ofesi, eni ake n'kundikalipira. Koma kuyambira ndili mwana palibe anandiitanapo katswiri, ngakhale mwangozi. Anthu anaomba m'manja. Mfumu inandiyang'ana ngati ndine mvula yoyamba. Ndinaima, ndinatsokomola, ndipo mawu aja a batani anandionekera ang'onoang'ono, osayenera mpando wa khushoni. Munthu wa maiko khumi ndi awiri angaime pamaso pa mfumu n'kunena za batani, ngati telala?

Apo ndinakumbukira nkhani imene anandiuza wophunzira wina m'basi zaka zapitazo, kuti kwinakwake makompyuta amphamvu amawaziziritsa ndi madzi. Sindinamufunse kuti madziwo amayenda bwanji, chifukwa ndinali kalikiliki ndi nzimbe zake.

"Mfumu," ndinatero, mawu anga atakula mosandiuza, "kumaiko kumene ndayenda, kompyuta yopanda madzi saiwerengera. Imeneyo amapatsa ana. Kompyuta ya mfumu imamwa."

Bwalo lonse linatchera khutu. Ndinaona kuti zakoma, ndinawonjezera. Ndinanena za mzinda umene kompyuta yake ili ndi chitsime chakechake, za ina imene inafa ndi ludzu chilala chitagwa, anthu n'kuilira masiku atatu. Ndinalankhula mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha. Amayi analulutira. A Gwedeza anapukuta misozi.

Ndikukhala pansi, maso anga anagwera kumbuyo kwa khamu. Mayi Nangondo anali ataima, atanyamula dengu lawo la zigumu m'mwamba, chala chikuloza kunsi kwake. Ndinakumbukira batani. Ndinadzambatuka.

"Mfumu, pepani, katsala kamodzi kakang'ono..."

"Mlendo salankhula kawiri," anatero a Gwedeza mwaulemu. "Kalumo kakameta kameta."

Maganizo anga anabala komiti ya madzi. Komitiyo inakhala miyezi ina inayi. Anakangana ngati madzi akhale a pachitsime kapena a pamjigo, ngati mtsuko uumbidwe kumpoto kwa ufumu kapena kummwera, ndiponso ngati kompyuta ya nduna ingamwe madzi amodzimodzi ndi ya mlembi wamba. Anapita kukaphunzira za mitsuko kumudzi wina kumene kuli malo ogona abwino. Mvula inagwa, anthu anabzala, anapalira. Ine ndinkazungulira ufumu wonse m'mphepete mwa mpanda ngati mbuzi ya pachingwe, mpaka agalu a m'midzi yonse anasiya kundiuwa. Mayi Nangondo sanandikalipire. Ankangoti ndikadutsa pa benchi yawo, "Katswiri, mwamwa?"

Ntchito yopanga mabokosi anaipereka kwa a Sikelo, kalipentala wa mabokosi a maliro, poti mu ufumu wonse ndi iwo okha ankadziwa kutseka bokosi kuti cham'kati chisatuluke.

Tsiku loonetsa kompyuta yatsopano, masukulu anatsekedwa ndipo mbuzi zinaletsedwa kulira. Amuna khumi ndi awiri anainyamula pa zogwirira zake, akubuula. Atachotsa nsalu, khamu linabwerera m'mbuyo. Chinali chibokosi chotalika kuposa chitseko cha tchalitchi, choima pa miyendo inayi, maloko asanu ndi awiri kutsogolo, misomali mbali zonse. Pambali panali chitini cha miyala chopukusa ndi dzanja, chobangulira. Pamwamba panali mbaula yokazingira mtedza, pambali pa mbaula mtsuko wanga, wovekedwa nsalu ya maluwa. Kakompyuta kaja kanali m'kati, pa kashelefu, monga momwe kanabadwira. Nthambo zokha ndi zimene zinkatulukira kumbuyo ngati mchira wa khoswe.

Mfumu inaimirira, inakweza chala kuti anthu onse achione, niyandikira. Inayang'ana kutsogolo. Inazungulira kumanja. Inazungulira kumanzere, chala chili m'mwamba. Wopukusa chitini anapitiriza kupukusa mpaka mkono unatopa.

"Sikelo," inatero mfumu motsitsa mawu, "ndidine pati?"

A Sikelo anagwada. "Mfumu, batani lili m'kati, kunsi kwa kanthu kaja. Ndinawerenga makope onse makumi anayi. Za khola la nkhunda zinalimo, ndaika kumbuyo. Za batani palibe ananenapo."

Ndinafuna nthaka indimeze, koma nthaka ya ku Tikambebe iyenera kuti inkadikira komiti. A Gwedeza okha ndi amene sanagwedezeke. Anatambasula manja.

"Anthu a mfumu, mwaona nzeru? Maiko ena ali ndi makompyuta amene amazima magetsi akathima. Yathuyi magetsi athime, asathime, siisintha. Singagwidwe ndi matenda, singalakwitse dzina la munthu, singatulutse chinsinsi. Kuyambira lero palibe mfumu idzaikepo kapu, pokhapokha itabwera ndi makwerero!"

Khamu linaomba m'manja. Telala uja, amene anaima pafupi nane, anati, "Koma aka n'koyamba boma kupanga chinthu chogwirizana ndi magetsi ake."

Chimwemwe chitakula, mfumu inalengeza kuti mabokosi otere atumizidwe m'maofesi onse. Kenaka inandiloza ndi chala chija chinasowa podina. "Ndipo katswiri wathu sadzachokanso. Ndikumuika kukhala Woyang'anira Mitsuko Yonse ya Boma, moyo wake wonse. Udindo uyamba kalata yake ikangotuluka mu kompyuta ya kunyumba yachifumu."

Amayi analulutiranso. Ine ndinamwetulira ngati mbuzi yowamba.

Lachiwiri lotsatira ndinalawirira ku chipata cha Bweranimawa, osadziwa chimene ndikukatsata. Chibokosi chinali chitafika. Kuti chilowe anagumula khoma, ndipo mayi Nangondo ndi tebulo lawo anali atapanikizika pakona. Anthu a pamzere ankasinthana chikho, kumwa madzi a mumtsuko.

"Bwana Woyang'anira," anatero mayi Nangondo, "ndikuyamikeni. Pa chinthu chonsechi, mtsuko wanu wokha ndi umene ukugwira ntchito."

"Mayi, musandiseke. Ndinalakwa. Ndikafera kuno, mudzandiike m'bokosi lomwelo, malo alimo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anayang'ana ndodo yanga. Anaitenga, naisisita kunsonga kumene inaperepeseka ndi misewu ya zaka makumi atatu.

"Tsekani chitseko," anauza a pamzere. Kenaka kwa ine: "Maganizo anandiletsa, koma kuboola sanandiletse. Dzulo ndabwereka choboolera kwa mkazi wa a Sikelo. Bowo lili kunsi, lalunjika pa batani. Mtengo wa tsache wakana kulowa, waya akupindika. Gonani chagada."

"Ine? Pa msinkhu wanga?"

"Pa mpando wa khushoni munakwanapo. Fulumirani, magetsi amabwerera kwawo masana. Ndipo tsiku limene wina kunyumba yachifumu adzaganize zoboola, kalata yoyamba kutuluka ndi ya udindo wanu."

Ndinakwawira pansi pa chibokosi, katswiri wa maiko khumi ndi awiri, miyendo ili kunja. Mtsuko unali kudontha, ndipo madzi ankatsetsereka m'thabwa n'kumandigwera pamphumi, dontho ndi dontho, ngati akundikumbutsa mawu anga. Ndinalowetsa ndodo m'bowo. Ndinagunda thabwa. Ndinagunda nthambo.

"Kumanzere, madala!" anafuula wina amene sankaona kalikonse.

"Ayi, kumanja!" anatero mnzake.

"Musayambe maganizo muno," anatero mayi Nangondo.

Ndinafufuza pang'onopang'ono mpaka nsonga inakhala pa kanthu kofewa. Ndinakankha. M'kati mwa mdima wa bokosi munayaka kanyali kobiriwira, kochepa ngati diso la nyerere.

"Yayaka!" anakuwa a pamzere. Mmodzi anathamangira kukapukusa chitini, kuti akunja asadabwe ndi bata.

Pamene ndinkatuluka, fumbi kumsana, madzi kumaso, mayi Nangondo anali atayamba kale kulemba. "Tinalekera pa Kamw," anatero. "Zotsala zija munasunga?"

"E, n, d, o," ndinatero, ngati ndikulumbira kukhoti.

Makina osindikizira anatsokomola kamodzi, kalata inatuluka. Chidindo chinati du! Ndinaipinda ndi kuiika m'thumba la m'kati, ndipo ndinatambasula dzanja kuti nditenge ndodo yanga. Mayi Nangondo anaisunthira kuseri kwa mpando.

"Iyi itsala."

"Mayi, ndodo imeneyo ndayenda nayo kuyambira tsitsi lili lakuda."

"Nanga Lachiwiri likudzali ndidzayatsa ndi chiyani? Onani mzerewu. Munapatsidwa mawu anayi, munatipatsa mtsuko. Batani linayenera kubwera kutsogolo. Tsopano labwera, ndi ili." Anagogoda ndodo pansi. "Pitani bwino, a Kamwendo. Mukafika kumene mukupita, akakupatsani khushoni, mukakhale pansi."

Mlonda wa pachipata anawerenga kalata yanga mozondotsa, nandichitira sawasha. Ndinatsika phiri la Sindinamve ndikutsimphina, nditathyola nsungwi ya m'mbali mwa msewu imene mpaka lero imandipweteka m'manja.

Patapita chaka ndinakwera lole ya dalaivala wina wochokera mbali imeneyo. Ndinamufunsa za chipata cha Bweranimawa, osamuuza kuti ndine yani. Anati makalata ankatuluka bwino Lachiwiri lililonse, mpaka tsiku lina a Gwedeza anabwera kudzayendera ofesi, napeza mayi wina wa magalasi akutokosa kompyuta ya boma ndi kandodo kakale.

"Anamuchotsa ntchito?" ndinafunsa.

"Ayi, anamuyamikira. Koma anati ndodoyo ndi yowonda kwambiri, siikugwirizana ndi msinkhu wa ufumu. Aitengera kunyumba yachifumu. Pano alembi ali m'misika, akutolera maganizo." Anasintha giya, nandiyang'ana. "Inu madala mukuoneka kuti mwayenda. Mukuona kuti ndodo yotere iyenera kukhala yotani?"

Ndinatsekula pakamwa. Mawu anali atafika kale pammero, abwino kwabasi, a ndodo ina ya mawilo imene ndinamva kwa munthu m'sitima. Ndinayang'ana chimene ndinakhalira. Mpando wa loleyo unali wa khushoni.

"Imani," ndinatero. "Ndikakwera kumbuyo, pa matumba."